Matenda a Shuga ndi Cithokomiro: Cifukwa Ninji Amakonda Kuyendera Limodzi?

Pa 3 February caka ndi caka, pa tsiku lokumbukira Blazio Woyera, ansembe m'maparishi ambiri amapingasa makandulo awiri pakhosi pathu natipempherera kuti Mulungu atiteteze ku matenda a pakhosi. Ambiri a ife timaganiza za cifuwa kapena zilonda za kummero. Koma pomwe makandulowo amakhudza, m'munsi mwa kholingo, pali kaciwalo kooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko. Dzina lake ndi cithokomiro. Kwathu dzinali timalichula pokhapokha khosi litatupa, komatu munthu aliyense ali naco, ndipo timadzi timene cimatulutsa ndito timalamula liwiro la mtima, kutentha kwa thupi ndi kakulidwe ka mwana.

Mwezi uno tifuna kukambirana ndi mabanja amene ali ndi wodwala shuga wa mtundu woyamba, pakuti iwo ayenera kusamala cithokomiro koposa ena onse.

Pamene alonda aukira mwini nyumba

Shuga amene ambiri timamudziwa ndi wa mtundu waciwiri, wogwira kawirikawiri anthu acikulire. Wa mtundu woyamba ndi wina. Amakonda kuyamba paubwana kapena paunyamata, ngakhale kuti akuluakulu nawonso amawagwira, ena mwa iwo pang'onopang'ono. Gwero lake ndi ili: asilikali a m'thupi, amene Mlengi anawaika kuti azimenyana ndi tizilombo, amasokonezeka nayamba kuononga timagawo ta kapamba topanga insulini. Wodwalayo sangakhale ndi moyo popanda kubaya insulini tsiku ndi tsiku. Mankhwalawa anawapeza Frederick Banting ndi Charles Best ku Toronto mu 1921, ndipo mu January 1922 mnyamata wa zaka 14 anali munthu woyamba kuwalandira.

Tsono asilikali amene alakwitsa kamodzi angathe kulakwitsanso, ndipo ciwalo cimene amakonda kuukira pambuyo pa kapamba ndi cithokomiro. Bungwe la American Diabetes Association limati pa anthu 100 odwala shuga wa mtundu woyamba, pakati pa 17 ndi 30 amadwalanso cithokomiro mwa njira imeneyi. Pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 4 amakhala kale ndi zizindikiro za nkhondoyi m'magazi pa nthawi imene amupeza ndi shuga, ngakhale asanayambe kumva kanthu. Atsikana ndi amai ndiwo amagwidwa kwambiri.

Zimene timatengera kwa makolo

Amene anayala maziko a maphunziro a zotengera anali wansembe, Bambo Gregor Mendel, wa cipani ca Augustino Woyera ku Brno. Iye anabzala nsawawa m'munda wa nyumba yao ya amonke kwa zaka zambiri, ndipo mu 1866 anafalitsa zimene anapeza: kuti mbeu iliyonse imalandira gawo la cibadwa cake kwa kholo lacimuna ndi gawo lina kwa lacikazi. Tinthu tonyamula cibadwaci akatswiri amaticha majini. Owerenga okondedwa, musasokoneze liu limeneli ndi majini a mizimu amene ena amaopa. Awa ali ngati malembo olembedwa m'thupi mwathu, osungidwa m'mitolo yochedwa makromozomu. Tili nayo 46: kwa atate 23, kwa amai 23.

Pa kromozomu ya nambala 6 pali gulu la majini lochedwa HLA. Dokotala wa ku France, Jean Dausset, analandira mphotho ya Nobel mu 1980 pamodzi ndi anzake awiri cifukwa ca kufufuza za majini a mtundu umenewu. Nchito ya HLA ndi kuonetsa asilikali a m'thupi cimene cili mdani ndi cimene cili ca mwini nyumba. Mtundu wina wa HLA, wochedwa DR3, umapezeka kawirikawiri mwa odwala shuga wa mtundu woyamba ndiponso mwa odwala cithokomiro. Palinso majini ena awiri, CTLA4 pa kromozomu 2 ndi PTPN22 pa kromozomu 1, amene amathandiza kuleza asilikaliwo monga mabuleki pa njinga. Akafooka, asilikali sacedwa kupsa mtima. Ndico cifukwa cake m'banja limodzi mwana angadwale shuga, azakhali ake n'kukhala ndi cithokomiro, wina n'kukhala nazo zonse ziwiri.

Koma timvetse bwino: cimene timatengera ndi kufooka cabe, osati matenda enieniwo. Anthu ambirimbiri ali ndi majini amenewa ndipo amafika paukalamba osadwala. Ngakhale mapasa ofanana, amene majini ao ndi amodzimodzi, zimacitika kuti wina adwala, mnzake ai. Ndiponso ana ambiri amene amapezeka ndi shuga wa mtundu woyamba alibe kholo kapena mbale wodwala nthendayi.

Kodi analakwa ndani?

Apa ndi pamene ife Akristu tiyenera kuima nji. Tonse tikudziwa mau amene amatuluka mwana akadwala matenda osatha. Apongozi amati, “Kwathu kulibe zimenezi, zacokera kwa mkaziyu.” Ena amathamangira kwa ng'anga, ndipo cala cimaloza nkhalamba yosalakwa ya m'mudzi. Maukwati ena agwedezeka pa cifukwa comweci. Koma taona kuti mwana amalandira theka kwa atate ndi theka kwa amai, ndipo palibe kholo limene linasankha majini opatsa mwana wake. M'Uthenga Wabwino wa Yohane, mutu 9, ophunzira anafuna kudziwa ngati munthu wobadwa wakhungu anavutika cifukwa ca chimo lake kapena la makolo ake. Ambuye anakana zonse ziwiri, namuciritsa. Mwana wodwala afunika atate ndi amai ogwirizana, osati bwalo la milandu.

Zizindikiro zimene zimabisala

Matendawa amabwera mwa mitundu iwiri. Wofala kwambiri ndi umene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anaufotokoza mu 1912. Cithokomiro cimafooka pang'onopang'ono. Munthu amatopa, amamva kuzizira anzake akumva bwino, khungu limauma, tsitsi limathothoka, amadzimbidwa ndiponso amaiwalaiwala. Kwa amai, msambo umasokonezeka. Mwana amaleka kutalika, ndipo kusukulu amayamba kutsalira. Cifukwa cakuti zonsezi zimabwera mwakacetecete, timangoti ndi shuga yemweyo, kapena timamunena mwanayo kuti ndi waulesi. Ngozi ina ndi yakuti shuga wa m'magazi angayambe kutsika mopitirira nthawi ndi nthawi, ngakhale insulini ndi cakudya sizinasinthe.

Mtundu waciwiri unachedwa dzina la Robert Graves, dokotala wa ku Dublin amene analemba za iwo mu 1835. Apa cithokomiro cimagwira nchito mopyola muyezo. Mtima umathamanga, manja amanjenjemera, thukuta silitha, tulo timasowa, ndipo maso a ena amatuzuka. Munthu amaonda ngakhale akudya kwambiri, motero anansi amayamba kunong'ona za TB kapena AIDS. Shuga wa m'magazi amakwera nakana kutsika, ndipo wodwala angafike pokomoka.

Cocita n'ciani?

Safunsa anadya phula. Wodwala shuga wa mtundu woyamba apemphe dokotala kuti amupime magazi ndi cipimo cochedwa TSH. Akatswiri amalangiza kupima posacedwa shuga atapezeka ndi kukhazikika, kenaka caka ciliconse kapena pakapita zaka 2, ndiponso msanga ngati khosi latupa, mwana waleka kukula, kapena shuga wayamba kusinthasintha popanda cifukwa. Cipimo cina, ca TPO, cimaonetsa ngati asilikali ayamba kale kuukira. Zipimozi sizipezeka pa kiliniki iliyonse ya kumudzi, conco pemphani kalata yopita nayo ku cipatala cacikulu, monga University Teaching Hospital ku Lusaka kapena cipatala cacikulu ca m'cigawo canu. Muuzeninso dokotala ngati pali wacibale amene anadwalapo cithokomiro.

Cithokomiro cofooka cili ndi mankhwala osavuta: kambulu ka levothyroxine kamodzi pa tsiku, m'mawa, mphindi 30 mpaka 60 musanadye. Mapiritsi oonjezera magazi amwedwe patapita maola 4, pakuti amalepheretsa mankhwalawa kulowa bwino m'thupi. Ambiri amamwa moyo wao wonse, ndipo sayenera kuleka akayamba kupeza bwino. Cithokomiro cothamanga naconso cili ndi mankhwala, monga carbimazole, ndipo ena amacitidwa opareshoni.

Amai odwala shuga wa mtundu woyamba apimitse cithokomiro asanaime kapena atangodziwa kuti ali ndi pakati, pakuti m'miyezi yoyamba ubongo wa mwana umadalira timadzi ta cithokomiro ca amai ake. Amene akumwa kale levothyroxine kawirikawiri amafunika kuonjezeredwa muyezo. M'caka coyamba atacira, cithokomiro cingasokonezekenso. Mai wa khanda akamatopa modabwitsa kapena kukhala wacisoni, tisafulumire kunena kuti ndi nchito ya kulera cabe.

Tikumbutsanenso kuti kutupa kwa khosi kumene agogo athu anakudziwa kunkabwera kawirikawiri cifukwa ca kusowa kwa ayodini m'zakudya. Mcere wokhala ndi ayodini umateteza ku vuto limenelo ndipo tipitirize kuugwiritsa nchito, koma suciza matenda amene takambawa. Kudya mcere wambiri kapena kutemera mphini pakhosi kumangocedwetsa cithandizo.

Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limatiphunzitsa kulemekeza sing'anga ndi mankhwala monga mphatso za Mulungu, ndi kupemphera pomwe tikulandira cithandizo. Mutu umodzi susenza denga. M'miphakati yathu tidziwe mabanja amene akusenza mtolo umenewu, tiwasonkhere ndalama ya basi yopitira kukapimitsa, ndipo pamene wina ayamba kuloza cala, tikhale oyamba kumukhazika pansi ndi kumufotokozera zoona.