Kagalimoto kokwawa ngati ng'ona: kodi kakafika ku Ntchisi?

Soya akagulika bwino, ndalama imayabwa m'thumba. Izi mukuzidziwa inu a mumsika kuposa ine. Anyamata ena amene amapikula soya, mtedza ndi nyemba ku Ntchisi ndi ku Dowa atopa nako kukwera pamwamba pa matumba palole. Akufuna kagalimoto ka zitseko ziwiri, kachifupi, kolira ngati njuchi zalowa m'chitini. Palibe mlandu, thukuta ndi lawo. Koma kakangolowa pa Songwe kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, mwini wake asanamwe ndi madzi omwe, anzake ayamba kale kumunong'oneza kuti asinthe malimu, akatsitse pansi, aikenso fyuluta yolira.

Ine njira ya Mponela mpaka pa Ntchisi boma ndimaidziwa ngati khonde la nyumba yanga, ndipo m'magalaja a ku Biwi ndakhalamo masiku ambiri ndikuonerera amakaniko. Tsono ndati ndikutsineni khutu musanaphwanye mpamba, poti chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeyala aliyense akuluma ngati nkhanira.

Tiyambe ndi malimu, pakuti ndiwo amachititsa misala.

Titenge Toyota 86, imene idatuluka mu 2012. Zambiri zimabwera ndi matayala olembedwa 215/45 R17. Manambalawa si zokongoletsa ayi. 215 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 17 ndi kukula kwa limu m'mainchesi, pamene 45 akutanthauza kuti khoma la m'mbali mwa tayala ndi magawo 45 pa 100 a kutambalala kuja. Mukawerengera, mphira umene uli pakati pa limu ndi msewu sukwana masentimita 10. Corolla ya aphunzitsi yovala 195/65 R15 iri ndi pafupifupi 13. Tsono mnyamata akuti 17 wachepa, akufuna 19. Kuti limu lotero likwane, tayala lake likhala ngati 225/35 R19, mphira wake osakwana masentimita 8. Lamba wa thalauza weniweni!

Mphira umenewo ndiwo mtsamiro wa galimoto. Pa phula losalala tayala lopyapyala limakhota bwino pangodya, sindikana. Koma soya samera pa phula, abale anga. Amachokera m'midzi, njira za fumbi zolowera cha kwa Nthondo ndi ku Chinthembwe, kumene mvula imakumba ngalande pakati pa msewu ndipo miyala imatuluka mano. Mukagunda dzenje limodzi, tayala limapanidwa pakati pa mwala ndi limu, kenaka mumaona chotupa m'mbali ngati chithupsa. Tayala lotupa silimatidwa, nlotaya basi. Limu la chitsulo likapindika, mmisiri amaliwongola ndi hamala. La aluminiyamu, lonyezimira lija, limakonda kung'aluka, ndipo lowotcherera ine sindingakwezepo mwana wanga.

Ngati mtima wakana, mukufunabe malimu ena, tengani a kukula komweko kapena tsikani pa 16 ngati mabuleki akulola. Yang'anani mabowo a mabawuti: Toyota 86 iri ndi asanu, muyeso wake 5x100, pamene Mark X iri ndi asanunso koma 5x114.3. Kuyang'ana ndi maso nzofanana, koma kukakamiza ndiko kuthyola mabawuti pa chitsikitsiki. Kuseri kwa limu kuli nambala ina yoyamba ndi ET, imene imanena ngati limu lilowa mkati kapena lituluka kunja. Mukaiphonya, tayala lizikhula bodi pokhota. Kutalika konse kwa tayala kusasinthe kwambiri, apo ayi muvi wa liwiro uzikunamizani, ndipo a trafiki pa M1 samva zoti muvi ndiwo walakwa.

Matayala a kaunjika nawo ali ndi chinsinsi chawo. M'mbali muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene tayala lidapangidwa. Mukaona 2314, ndiye kuti sabata ya 23 mu 2014. Mapanga akhoza kuoneka atsopano, wogulitsa atalipaka polishi mpaka kudziyang'anirapo, koma mphira wokalamba umauma ndi kuchita ming'alu. Inu amene mumadziwa kusiyanitsa usipa wa dzulo ndi wa mwezi watha musapusitsidwe ndi polishi.

Tibwere ku nkhani yotsitsa galimoto. Apa ndiye pamandiseketsa ndi kundimvetsa chisoni pamodzi.

Kagalimoto kameneka kamatuluka ku fakitale mimba yake itatalikira pansi ndi masentimita 13 okha, mwina kuchepera. Masipuling'i otsitsa amadya ena atatu. Mwatsala ndi 10, chibakera cha munthu wamkulu. Mukwezemo mnzanu wa mimba ya bwana, kumbuyo thumba la makilogalamu 50, mwatsala ndi chiyani? Ndidaona ndi maso angawa mnyamata wina, wa geni ya soya yemweyu, akuwoloka hampu cham'mbali ngati nkhanu, okwera onse atatsika, a kabaza akumuombera m'manja. Hampuyo adaipambana. Mwala wa kutsogolo ndiwo udaboola sampu, oyilo yense waa! m'fumbi. Injini yopanda oyilo simphindi zambiri, imagwira. Galimoto idabwerera ku Lilongwe itakwera pa lole, pamalo pamene pakadakhala matumba.

Oipitsitsa ndi aja odula masipuling'i ndi gulayinda kuti asawononge ndalama. Sipuling'i yodula sikhazikika bwino pampando pake, ndipo mashoko amatha msanga chifukwa akugwira ntchito atapanikizika. Galimoto yotero ikadumpha pa mabampu a msewu wafumbi, tayala limasiya nthaka, ndipo tayala liri m'malere silimva buleki kapena chiwongolero. M'mapiri a Dowa, pamene kumanzere kuli phompho, zimenezo si zoseketsa.

Ndalama yanu ikagwire ntchito pa mashoko abwino a msinkhu wa ku fakitale. Gulani awiriawiri, kutsogolo onse kapena kumbuyo onse, osati limodzi latsopano lina lotha. Onetsani mabushi ndi mabojointi, mukatha pitani ku alayimenti, apo ayi matayala atsopano aja adyeka mbali imodzi musanagulitse ndi nyemba zomwe. Chotsala muike chitsulo chotchinga sampu. Sichioneka, atsikana a pa Mponela sachiombera m'manja, koma ndicho chimalandira mwala.

Chomaliza ndi mpweya. Ogulitsa amati fyuluta ija yonga chipewa cha mfiti, yofiira kapena yobiriwira, imawonjezera mphamvu. Chimene ine ndimamva chikuwonjezereka ndi phokoso. Mphamvu ngati ikubwera ndi yochepa zedi, yosamveka ndi phazi. Galimoto ikamafooka pokwera mitunda ya Ntchisi, musathamangire kunyoza fyuluta. Ntchisi ali pamtunda wopitirira mamita 1,200, pamene nyanja ku Salima ndi ku Nkhotakota siifika ndi 500 omwe. Kumtunda mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu zake pa mamita 100 alionse amene mwakwera. Chipewa cha mfiti sichingabweze zimenezo.

Chimene chingachite nkulowetsa fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi la kumeneko limalowa ndi m'mano momwe. Fyuluta yopuma kwambiri nthawi zambiri imasefa pang'ono, ndipo fumbi likasakanizika ndi oyilo limasanduka msasa wopala injini mkati. Ina amaipaka mafuta, mafutawo nkumakadetsa kasensa koyeza mpweya, galimoto nkuyamba kutsokomola ndi kumwa petulo ngati chidakwa. Akaiika poyera mu boneti imakoka mpweya wotentha wa injini. Akaitsitsa kuseri kwa bampala kuti ipeze wozizira, dikirani Januwale: chithaphwi chimodzi chakuya, injini yamwa madzi. Madzi sapanikizika ngati mpweya, zitsulo za mkati ndizo zimapindika. Taonani ma Land Cruiser a mabungwe amene amayenda njira zomwezi. Paipi yawo ya mpweya amaikweza mpaka padenga. Inu mukutsitsa yanu kuti itani?

Siyani bokosi la ku fakitale momwe liriri, muzingosintha fyuluta ya pepala pafupipafupi nyengo ya fumbi. Ndipo musananyamuke pa Kanengo, tatsegulani buti. Galimoto zambiri za ku Japan masiku ano zikubwera zopanda tayala la sipeyala, m'malo mwake muli kabotolo ka zomatira ndi kapampu. Kabotolo kameneko kamatseka bowo la msomali, osati tayala long'ambika m'mbali. Gulani tayala lachisanu, jeke wolowa pansi pa galimoto yachifupi, ndi sipanala yokwana mabawuti a malimu anu atsopanowo, poti ya ku fakitale nthawi zina silowa m'mabowo ake.