Tabu ya Gitala: Mboni Yake Ndi Khutu

Mnyamata akhoza kutha miyezi itatu akuphunzira nyimbo kuchokera pa pepala, mpaka zala kutuluka matuza, koma tsiku loimba pamaso pa anthu n'kuzindikira kuti nyimboyo siikumveka monga momwe mwini wake anaiimbira. Kaŵirikaŵiri cholakwa chimakhala pepalalo.

Pepala lotere limatchedwa tabu. Lili ndi mizere 6 yoimira nsambo 6 za gitala, ndipo nambala yolembedwa pa mzere imasonyeza malo odinikiza chala. Pamene pali 0, nsamboyo ilire yosagwidwa. Masiku ano matabu ali mbwee pa intaneti, koma ambiri analembedwa ndi ophunzira anzathu amene anangomvera nyimbo n'kuganizira pamene zala zinali. Komanso liwu limodzi limapezeka pa malo angapo pa gitala, ndipo woimba wina amachuna nsambo zake mwa njira yakeyake. Wolemba akaphonya machunidwewo, manambala onse amasokeretsa.

Nanga olemba mosamala amatani? M'chaka cha 1952 Hugh Tracey anajambula nyimbo ya Masanga ya Jean-Bosco Mwenda wa ku Katanga, m'dziko la Congo. Patapita zaka pafupifupi 10, David Rycroft anailemba pa pepala atamvetsera mbaleyo mobwerezabwereza. Kuno kwathu, Gerhard Kubik, amene anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka m'chaka cha 1967, sanadalire khutu lokha: anagwiritsanso ntchito kanema woonetsa zala za Daniel pa nsambo, pakuti kaimbidwe ka chala chachikulu ndi chamkombaphala kamabisa zambiri kwa womvera chabe.

Tsono inu aŵerengi amene mwagwira tabu m'manja, yambani mwaona ngati yatchula machunidwe a nsambo. Kenaka imbani kachigawo kamodzi, mumvere mwini nyimboyo, muyerekeze. Ngati alipo kanema wa mwiniyo akuimba, penyetsetsani dzanja lake lamanzere. Pamene pepala latsutsana ndi mwini nyimbo, konzani pepalalo ndi pensulo, ndipo musachite manyazi kufunsa akulu odziŵa gitala m'dera lanu, pakuti safunsa anadya phula.