Manja Akamanjenjemera pa Limba

M'makwaya athu kuno ku Lupande muli anyamata ndi atsikana amene amaimba limba mokoma pophunzira nyimbo, koma tsiku la mpikisano likafika zala zao zimauma gwa! Ena akadzimva pa foni imene yawajambula amalumbira kuti sadzaimbanso. Tisawaseke ana amenewa, pakuti nthenda yao inagwirapo ngakhale akatswiri odziwika pa dziko lonse.

Vladimir Horowitz, mmodzi wa akatswiri a piyano, analeka kuimba pagulu m'caka ca 1953, nakhala zaka 12 osaonekera, akukayika luso lake. Pa 9 May 1965 anabwerera ku Carnegie Hall mumzinda wa New York. Atangoyamba nyimbo yoyamba, ya Bach, cala cinaphonya. Iye sanaime, anapitiriza, ndipo khamu linamuombera m'manja kwa nthawi yaitali.

Glenn Gould wa ku Canada anatsata njira ina. Maso a anthu anali kumsowetsa mtendere, motero m'caka ca 1964, ali ndi zaka 31, anasiyiratu kuimba pagulu. Anayamba kungojambula nyimbo, akubwereza kambirimbiri ndi kulumikiza zigawo zimene zinamkomera. Nyimbo za Bach zochedwa Goldberg Variations, zimene anajambula mu 1955 ndipo zinamchukitsa, anazijambulanso mu 1981 cifukwa zoyambazo sizinali kumkhutiritsa. Komabe anthu akali kuzikonda zonse ziwiri.

Apa tiphunzirepo kanthu. Nyimbo zambiri zimene timamva pa wailesi ndi zosokedwa ngati covala: zolakwa anazidula kale. Mwana amene ayerekeza kuimba kwake kwa kamodzi ndi nyimbo zotere, adziweruza mopanda cilungamo.

Nanga manthawo acokera kuti? Thupi likaona maso ambiri limacita ngati lakumana ndi njobvu panjira. Limatulutsa adrenaline, mtima umagunda msanga, magazi amathamangira ku minofu ikuluikulu, manja amazizira ndipo kukamwa kumauma. Ici si cizindikiro cakuti munthu alibe mphatso.

Mankhwala ake alipo. Woimba apume mozama ndi pang'onopang'ono asanayambe. Ayambe kuimbira anthu awiri kapena atatu, kenaka banja, kenaka gulu. Aphunzire kuyambira nyimbo pakati, kuti akaphonya adziwe pogwirira. Akajambulidwa, adikire mpaka mawa asanadzimvetsere, ndipo achule zabwino ziwiri asanachule colakwa cimodzi.

Ife makolo ndi atsogoleri a makwaya tili ndi mbali yathu. Kudzudzula mwana pamaso pa anzake kungatseke pakamwa pake moyo wonse. Timuongole pambali, ndipo sabata yotsatira timpatsenso limbalo. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tisakhale ife okankhira mwala pakhomo pa unawo.