Pa Phalula, sitolo ya matewera yalowa m'foni

Minibasi yochokera ku Blantyre ikangoima pa Phalula, ogulitsa amathamangira pamazenera, aliyense atakweza m'mwamba chimene wanyamula. Chapatali pang'ono mumatha kuona mayi wobereka mwana kumbuyo, foni ili m'manja, amene sakuitanira malonda kwa wokwera aliyense. Maso ake ali pa kondakitala. Chitseko chikatsekuka, kondakitala amasolola katoni pansi pa mpando wakumbuyo, mayiyo n'kuwerenga dzina lolembedwa pamwamba, n'kupereka kangachepe kaonyamula. M'katonimo muli matewera, timasokosi, tizipewa, mashawelo ndi sopo wa makanda. Zambiri mwa zinthuzi zili kale ndi eni ake. Zinagulidwa dzana pa WhatsApp, zisanachoke n'komwe ku Limbe.

Malonda oterewa alibe chikwangwani, ndipo munthu wongodutsa pa msewu wa M1 sangawaone. Mwini wake salipira lendi ya sitolo. Amajambula katundu atamuyala pa chitenje choyera bwino pakhonde, n'kuika zithunzizo pa WhatsApp kapena pa Facebook, kenaka n'kubwerera kukachapa kapena kukayamwitsa. Foni ikalira, funso loyamba limakhala lomwelomwelo: "Asisi, ilipobe ija?"

Chimene chimapatsa Phalula mwayi ndi msewu. Malowa ali m'boma la Balaka, lomwe linapatulidwa ku Machinga mu 1998, ndipo agona pakati pa Zalewa ndi Chingeni, pa msewu umene galimoto za pakati pa Blantyre ndi Lilongwe zimadutsa usana ndi usiku. Katundu wopikulidwa ku Limbe m'mawa amafika dzuwa lisanapendeke. Wina akaitanitsa ali ku Balaka kapena ku Liwonde, phukusi limakwera mpaka pa Chingeni n'kukhotera kum'mawa. Mudzi umene uli kutali ndi tala ulibe mwayi umenewu, ngakhale netiweki itamagwira bwino chotani, chifukwa chithunzi chimayenda pa intaneti koma beseni losambitsira mwana limafuna mpando m'minibasi.

Nanga n'chifukwa chiyani amayi ambiri oyamba geni pa foni amatola za makanda, osati nsapato kapena mawigi? Yankho lina lili kusikelo. Mayi woyembekezera akayamba sikelo, kaya pa chipatala chaching'ono cha Phalula kaya pa chipatala chachikulu cha Balaka, anamwino amamuuza zoti adzatenge tsiku lochira: zitenje zingapo zochapa bwino, beseni, pepala la pulasitiki loyala pabedi, chipewa ndi masokosi a mwana, nthawi zina ndi tochi yomwe. Kale amayi ambiri ankachirira kunyumba m'manja mwa azamba akumudzi. Boma linaletsa azambawa kubereketsa mu 2007, mafumu ambiri n'kuika chindapusa kwa ochirira pakhomo, ndipo pofika pa kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016, ana 91 pa 100 alionse ankabadwira kuchipatala. Ndiye kuti pafupifupi mimba iliyonse tsopano imabwera ndi mndandanda wa zogula. Mayi amene anadutsamo kale amaudziwa mndandandawo pamtima. Amadziwanso zimene anamwino sanena: kuti zitenje ziwiri sizikwana, kuti kuchidikiro usiku kumazizira ngakhale Balaka ndi dziko lotentha, kuti malaya a mabatani akumbuyo amavuta kuveka khanda la masiku atatu. Ogulitsa ochenjera amasonkhanitsa zonsezi m'chikwama chimodzi n'kutchula mtengo umodzi, wogula n'kumalipira pang'onopang'ono mpaka mwezi wake utakwana.

Pali chinanso chimene sichinenedwa kawirikawiri, koma ine ndikuona kuti n'chimene chakometsa malondawa. Kwathu kuno mimba salengeza. Mayi amabisa mpaka thupi litaulula lokha, ndipo akuluakulu ambiri amaona ngati n'kuputa tsoka kugula zovala za mwana amene sanaoneke nkhope. Mtsikana wa mimba yoyamba akaima pamsika n'kumasankha timalaya, dzuwa lisanalowe mudzi wonse wamva. Pa foni palibe womuona. Amafunsa mtengo ali kuchipinda, amatumiza ndalama, katundu amabwera atakulungidwa, n'kumubisa pansi pa sutikesi mpaka tsiku lake. Wogulitsa wodziwa ntchito amasunga chinsinsi chimenechi ngati mzamba. Akangolakwitsa kamodzi, n'kuuza mnzake pachitsime kuti mwana wa auje wayamba kugula matewera, geni yake m'mudzimo yathera pomwepo.

Abambo nawo apezerapo pobisala. Bambo amene amachita manyazi kunyamula beseni la mwana pakati pa msika savutika kutumiza ndalama pa foni. Ndiye pali aja ali ku Joni, omwe m'maboma a Balaka, Machinga ndi Mangochi ndi ochuluka ndithu. Mwamuna ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, mkazi watsala ndi pakati kumudzi. M'malo motumiza ndalama zimene zingathere ku zina, amasankha yekha katundu pa zithunzi, amalipira, wogulitsa n'kukasiya pakhomo n'kumutumizira chithunzi cha apongozi akulandira.

Zonsezi sizikanatheka popanda ndalama za pa foni. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, TNM Mpamba n'kutsatira mu 2013, ndipo lero pa malo a malonda ngati Phalula timaofesi ta maejenti tili paliponse. Mpamba woyambira geni nthawi zambiri suchokera kubanki ya m'tauni. Umachokera ku banki m'khonde, kumene amayi amasonkha masheya sabata ndi sabata n'kumabwerekana pa chiwongoladzanja chimene anagwirizana okha. Gulu lomwelo ndi limene limakhala makasitomala oyamba, ndipo ndi lomwe limafalitsa nambala ya foni kwa abale awo a ku Utale, ku Manjawira kapena ku Senzani.

Koma foni imafuna moto. Chodabwitsa n'chakuti kufupi ndi Phalula, pa Phombeya, pali siteshoni yaikulu ya magetsi imene inamalizidwa mu 2018 ndi thandizo la dziko la America, ndipo ndi pomwe pakufikira nthambo zochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Nthambo zikuluzikuluzo zimadutsa pamwamba pa midzi yambiri imene usiku imaunikira tochi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 m'dziko muno ndi zimene zinkaunikira magetsi. Choncho mayi wa geni yathuyi amatchajitsa foni pa kasola kapena kokametetsa, ndipo foni ikakhala kotchaja, sitolo ndiye kuti yatseka. Bandulo ikatha, yatsekanso.

Mutu umawawa kwambiri pa nkhani ya mitengo. Pafupifupi chilichonse chimene khanda limavala chimachokera kunja: mabelo a kaunjika, katundu wa ku China, wa ku Kariakoo mu mzinda wa Dar es Salaam, wa ku Joni. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki. Mu February 2025 ogulitsa kaunjika anachita kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe podandaula kukwera kwa mitengo ya mabelo. Kwa mayi amene amalandira ndalama pang'onopang'ono, apa ndiye pali msampha. Wagwirizana ndi kasitomala mtengo wa chikwama mimba ili ndi miyezi isanu. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu, ku Limbe zinthu zakwera. Akakweza, amuti wakuba. Akapanda kukweza, wadya mpamba. N'chifukwa chake ambiri salembanso mtengo pansi pa chithunzi, amangoti wofuna afunse kumbali, khalidwe limene limakwiyitsa ogula koma lili ndi chifukwa chake.

Ena athawira ku zopanga okha, ndipo kwa ine amenewa ndi amene geni yawo ili ndi mizu. Makina osokera akupalasa ndi mapazi safuna magetsi. Amasoka matewera ochapa, timadiresi ta chitenje, zikwama zonyamulira zovala za mwana popita kusikelo. Ena amaluka zipewa ndi masokosi a ulusi, zomwe zimafunidwa kwambiri ndi amayi a ana obadwa masiku asanakwane. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene ana otere amabadwa ochuluka zedi, ndipo njira ya kangaroo, yoika mwana pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, imene chipatala chachikulu cha Zomba chinayamba kugwiritsa ntchito mu 1999, imafuna kuti kamutu ndi timapazi zikhale zofunda nthawi zonse. Zovala za m'belo sizikhala ndi saizi ya mwana wochepa chotero. Woluka amatha kuchepetsa.

Matewera otaya, omwe aliyense amangowatchula kuti mapampasi, ndiwo amayenda msanga kuposa china chilichonse. Phindu lake n'lochepa pa paketi, koma amabweretsa kasitomala sabata iliyonse, ndipo ambiri amagula limodzilimodzi, la paulendo wa kusikelo kapena la kutchalitchi ndi kumzikiti. Kumene amathera akagwiritsidwa ntchito ndi nkhani ina, yomwe agalu a m'misika yathu amaidziwa bwino.

Pali malire amene wogulitsa wanzeru sawadumpha. Kasitomala akazolowera kufunsa za saizi ya thewera, mawa amafunsa za mwana amene akutsegula m'mimba, mkuja za mkaka wa m'chitini. Achipatala amalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyambirira, ndipo kuyambira 1981 bungwe la WHO lili ndi ndondomeko yoletsa kutsatsa mkaka wa m'chitini ngati wolowa m'malo mwa bere, ndondomeko imene Malawi anaiika m'malamulo ake. Chithunzi cha chitini pa WhatsApp, chokhala ndi mawu okopa pansi pake, n'kutsatsa ndithu, ngakhale wochiikayo sakudziwa. Chimodzimodzi ufa wa phala wosakaniza chimanga, soya ndi mtedza, umene amayi ambiri amapanga motsanzira Likuni Phala. Wogulitsira anansi palibe amamufunsa, koma wofuna kuupakira m'mapaketi n'kumatumiza ku Blantyre ayenera kudutsa ku Malawi Bureau of Standards, makamaka poti mtedza ndi chimanga zosasungidwa bwino zimachita chuku choopsa kwa ana.

Kukula kwa geni yotere sikuoneka ndi nyumba yansanjika. Kumayamba pamene munthu amene simunaonanepo naye atumiza ndalama katundu asanamuone. M'dziko limene aliyense analandirapo uthenga wabodza woti "ndatumiza ndalama molakwitsa, mundibwezere", chimenechi si chinthu chapafupi. Ogula amafuna umboni, ndiye ogulitsa amaika zithunzi za mauthenga othokoza atafufuta maina, kapena kuvomera kuti mlendo alipire theka, theka linalo katundu akafika. Nawonso ogulitsa amapsa: wina amaitanitsa, katundu n'kukwera minibasi, foni yake n'kuzima. Wina amabweza diresi ati mtundu wake sukufanana ndi wa pa chithunzi, chonsecho mwana walivala kale pa ubatizo. Amene wapirira zaka ziwiri kapena zitatu amayamba kutumiza kudzera ku makampani onyamula maphukusi m'malo mwa kondakitala, amapeza mtsikana womuthandiza kuyankha mauthenga, mwinanso kutsegula kaokala m'mbali mwa msewu kuti anthu adziwe kuti ali ndi pokhala.

Vuto la malonda a makanda n'lakuti kasitomala amakula. Pakatha zaka ziwiri, mwana wasiya thewera, ndipo mayi ake safunanso shawelo. Ena mwa ogulitsa amakula naye limodzi mwanayo, n'kuyamba kuika zithunzi za nsapato zoyambira kuyenda, kenaka zikwama ndi mayunifolomu a kumkaka. Ena amasunga kabuku kolemba mwezi umene kasitomala aliyense anachira. Pakapita zaka ziwiri ndi theka amangotumiza moni wamba, kufunsa ngati mwana akukula bwino, osatchula za malonda. Kawirikawiri yankho limabwera usiku, ana atagona, ndipo limathera ndi kafunso kakuti zikwama zija zikadalipo kodi.