Utoto wa pa matanthwe a Chongoni: mafunso ndi mayankho

*Kodi ku Chongoni kuli chiyani choti munthu wokonda zojambula akaoneko?*

M'mapiri a m'boma la Dedza muli mapanga ndi matanthwe okwana 127 amene anthu akale anajambulapo. Odziwika kwambiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika dera limeneli m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse. Mukayendera mapangawa, mudzaona mitundu iwiri ya utoto, wofiira ndi woyera. Wofiirawo ndi wa Akafula, alenje ndi otola zipatso amene ena amawatcha Abatwa, ndipo woyerawo ndi wa Achewa, alimi amene anadzakhala m'deramo pambuyo pake. Zojambula za mitundu yomweyi ziliponso ku Zambia, m'madera a Chipata ndi Katete, ndiponso ku Tete m'dziko la Mozambique.

*Tisanapite patali, kodi utoto umapangidwa ndi chiyani?*

Utoto uliwonse, kaya wa m'phanga kaya wa m'chitini cha kusitolo, uli ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi ufa umene uli ndi mtunduwo. Chachiwiri ndi chomatira, chimene chimagwira ufawo kuti ukakamire pamene waupaka. Ufa wokhawokha ukauma umayoyoka. Ojambula a m'madera osiyanasiyana agwiritsa ntchito mafuta a nyama, magazi, utomoni wa mitengo, mazira ndi njereza ngati chomatira. Mukamva mayina a njira zojambulira za ku Ulaya, kusiyana kwake kwagona pomwepa: tempera ndi ufa wosakaniza ndi mbali yachikasu ya dzira, penti wa mafuta ndi ufa womwewo wosakaniza ndi mafuta a njere za linseed, ndipo fresco ndi ufa wosungunula m'madzi umene amaupaka pa pulasitala wa njereza asanaume. Ufa ungathe kukhala umodzimodzi, koma chomatira ndi chimene chimalamula kuti utoto uume msanga kapena mochedwa, uwale kapena uzime, ukhale zaka zingati.

*Nanga wofiira wa Akafula unkachokera kuti, ndipo bwanji sunafufutike mpaka lero?*

Unkachokera m'miyala ndi m'dothi lokhala ndi chitsulo chambiri. Chimene chimafiiritsa katondo ndi chomwecho chimene chimafiiritsa khasu losiyidwa pamvula, ndiye kuti dzimbiri. Mwala wotere ukaperedwa bwino umatulutsa ufa wosalala kwambiri, wa timibulu tosaoneka ndi maso. Kusalala kumeneku ndi kumene kwausunga. Thanthwe limaoneka ngati lopanda zibowo, koma pamwamba pake pali timing'alu tosawerengeka. Utoto wofiira unkapakidwa wamadzimadzi, ndipo unkalowerera m'timing'alu timeneti. Chomatira chinawola kalekale, koma ufawo unatsalira m'kati mwa khungu la mwala. Komanso dzimbiri silisuluka ndi dzuwa monga umachitira utoto wochokera ku masamba ndi makungwa, pakuti chitsulocho chinagwirizana kale ndi mpweya ndipo palibenso china choti chisanduke. M'malo ena madzi oyenderera pathanthwe amasiya kakhungu kopyapyala ka mchere wa m'miyala, kamene kamaphimba chojambulacho n'kuchitchinjiriza.

Zimene Akafula ankajambula kawirikawiri si anthu kapena nyama, ngakhale nyama zilipo pang'ono. Zambiri ndi mizere yozungulira ina m'kati mwa inzake, yozungulira yotulutsa timizere ngati dzuwa, mizere yondondozana, ndi zina zonga makwerero. Mizereyo ndi yaukhondo, yotalikirana mofanana. Munthu amene anayesapo kulemba mzere wowongoka pamwala wokhakhala adzadziwa kuti dzanja limeneli linali lozolowera ntchito yake.

*Woyera wa Achewa ndi wosiyana bwanji?*

Ndi dongo loyera losakaniza ndi madzi, lopakidwa ndi chala lili lolimba ngati phala. Sililowa m'mwala ayi, limangokhala pamwamba, ndipo m'malo ena mungathe kuona njira imene chala chinadutsa. N'chifukwa chake zoyera, ngakhale zili zaposachedwa, ndi zimene zikuyoyoka msanga kuposa zofiira. Pa zina anawonjezerapo madontho akuda.

*Tingadziwe bwanji kuti zofiira ndi zimene zinayamba?*

Pamene mitundu iwiriyi yakumana pathanthwe limodzi, woyera ndi umene umakhala pamwamba pa wofiira. Kuwerenga zaka zenizeni za utoto wofiira n'kovuta, chifukwa njira imene asayansi amayezera zaka imafuna chinthu chimene chinali chamoyo, monga makala kapena fupa, pamene dzimbiri silinakhalepo ndi moyo. Choncho akatswiri amakumba pansi pa phangalo. J. Desmond Clark anakumba ku Chentcherere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndipo anapeza zida zamiyala ndi mafupa a nyama, zosonyeza kuti alenje ankakhala m'menemo. Za zoyerazo nkhani ndi yapafupi, pakuti Achewa ankajambulabe mpaka m'zaka za m'ma 1900.

*Kujambula ndi chala, popanda burashi, kodi si umboni woti luso linali lochepa?*

Funso limeneli limabwera kawirikawiri, ndipo ndimalikana ndi mtima wonse. Njira yojambulira imabadwa kuchokera ku zipangizo ndi ku ntchito imene chithunzi chikufunika kugwira. Jan van Eyck, wa ku Flanders, anajambula tsitsi limodzilimodzi ndi kunyezimira kwa galasi m'chithunzi chake cha banja la Arnolfini cha 1434 chifukwa penti wa mafuta amauma pang'onopang'ono, ndipo amalola munthu kusanjika utoto wopyapyala pamwamba pa unzake kwa milungu yambiri. Michelangelo, pojambula denga la Sistine Chapel ku Rome kuyambira 1508 mpaka 1512, analibe mwayi umenewo. Ankapaka pulasitala wongokwanira tsiku limodzi, ndipo ankayenera kumaliza gawolo lisanaume. Dongo loyera nalonso lili ndi malamulo ake. Sililola kamzere kakang'ono, limafuna chithunzi chachikulu, chooneka bwino m'phanga la mdima.

Ndiye tiganizirenso amene ankajambula ndi chifukwa chake. Zithunzi zambiri zoyera zimaoneka ngati chikopa cha nyama choyanikidwa, kapena buluzi woonedwa kuchokera pamwamba, miyendo itatambasuka. Akatswiri monga Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta anasonyeza kuti zimenezi n'zokhudza chinamwali cha atsikana. Zinali zida zophunzitsira za anamkungwi, zothandiza namwali kusunga mwambo m'mutu. Namkungwi sankafuna kuti mlendo wodutsa azindikire nyama imene wajambula. Ankafuna kuti namwali akaona chizindikirocho akumbukire nyimbo ndi malangizo ake, ndipo kuti wosavinidwa aone koma asamve kanthu. Chithunzi chimene chachita zimenezo chakwanitsa ntchito yake. Kuchiyeza ndi muyeso wa van Eyck n'kusamvetsa onse awiri.

Pali mfundo ina imene siitchulidwa mokwanira: m'madera ambiri a dziko lapansi n'kovuta kunena ngati zojambula za m'mapanga zinali za amuna kapena akazi. Ku Chongoni tili ndi zojambula zimene mwambo wake ndi wa amayi, ndipo mwambowo udakalipo.

*Nanga Nyau zikulowapo pati?*

Gulu lina la zoyera ndi la amuna a kudambwe. Limaonetsa zilombo za Gule Wamkulu, makamaka Kasiyamaliro, ndipo nthawi zina miyendo ya anthu imaoneka pansi pa chilombocho. Zimenezi ndi zaposachedwa kwambiri, za nthawi imene Nyau zinkapanikizidwa, poyamba ndi Angoni, kenaka ndi amishoni ndi boma la atsamunda, ndipo mapanga anasanduka malo obisalira. Pakati pa zojambulazi pali ngakhale chooneka ngati galimoto. Amene akufuna kufanizira zithunzizi ndi zigoba zenizeni angapite ku Mua, kumalo a Kungoni amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976.

*Munthu akapita kukaona, achite chiyani kuti asaononge?*

Asakhudze, chifukwa thukuta ndi mafuta a m'manja zimadetsa utoto, ndipo dongo loyera limachoka ndi chala monga linabwerera ndi chala. Asathire madzi pofuna kuti mtundu uwale pa chithunzi cha foni. Madziwo amasungunula dongo, ndipo akamauma amakokera kunja mchere wa m'mwala umene umatukula utoto. Asasonkhe moto m'phanga: mwaye umaphimba zojambula ndipo kutentha kumasenda thanthwe. Choipitsitsa ndi kulemba dzina ndi makala kapena choko, chimene mwatsoka chachitika kale m'mapanga ena oyandikana ndi midzi ndi sukulu. Kufufuta dzina lotere pamwamba pa dongo loyera n'kosatheka popanda kuchotsa gawo la chojambula chimene chili pansi pake.