Nyumba Zimene Anamanga Osaganizira Mayi

Amayi anzanga, ambiri a ife tili ndi mbale amene anapita ku Halale osabwerako. Kwathu mchona wotere anali malume wawo wa amayi anga. Anasiya mkazi ali ndi pakati, ndipo chimene chinkafika kumudzi ndi bulangete ndi kalata ya apo ndi apo. Akuluakulu ankangoti mwamunayo ngwouma mtima, nanga osaitana mkazi wake bwanji? Lero tiyeni tione nyumba zimene amuna otere ankagonamo.

Ku Mbare, chakummwera kwa mzinda wa Harare m'dziko la Zimbabwe, kuli nyumba zosanja zotchedwa Matapi, pafupi ndi mtsinje wa Mukuvisi. Nthaka imeneyo inali ya Ashona, ndipo dzina lakuti Mbare ndi la mfumu ina imene inkakhala m'deralo kale. M'chaka cha 1890 kunafika azungu a kampani ya Cecil Rhodes, nayamba mzinda umene anautcha Salisbury. Mu 1907 anapatula malo oti anthu akuda azikhalapo, amene ankatchedwa Harari, dzina limene makolo athu anasandutsa Halale. Malowo anali moyandikana ndi manda, nyumba yophera ng'ombe ndiponso kotayira zonyansa za mzindawo. Taganizani kumene munthu amalandirira mlendo amene sakumufuna!

Amuna a ku Nyasaland anakhamukira kumeneko, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a boma amene ankatchedwa Ulere. Mzinda unkafuna manja awo, koma mabanja awo ayi. Lamulo la mu 1946 linakakamiza makhonsolo ndi olemba ntchito kupezera antchito pogona, ndipo m'zaka zotsatira anamanga nyumba zikuluzikulu za amuna okhaokha, monga Matapi, Nenyere ndi Shawasha. Chipinda chimodzi munkagona amuna angapo. Zimbudzi ndi mabafa zinali za onse. Panalibe khonde losinjirapo, panalibe poseŵerera mwana, pakuti womangayo sankayembekeza kuti mungadzalire khanda. Apolisi ankafufuza usiku, ndipo mkazi wopezeka mopanda chilolezo ankagwidwa. Nyumba za mabanja zinalipo ndithu, koma zinali zochepa, ndipo zinkafuna kalata ya ukwati wolembetsa.

Musaganize kuti amayi amene analipo anangopinda manja. Mayi Elizabeth Musodzi, amene amuna awo anali ochokera ku Zambia, anayambitsa bungwe la amayi a ku Harari mu 1938, namenyera nkhondo kuti pakhale chipatala cha amayi oyembekezera. Anamwalira mu 1952, ndipo holo ya kumeneko inapatsidwa dzina lawo. Ife a magulu a amayi tizidziŵa dzina limeneli.

Ufulu utabwera mu 1980, malamulo aja anatha mphamvu, ndipo akazi ndi ana analoŵa m'nyumba zija. Chinali chinthu chabwino, koma makoma sanakule. Chipinda chimene chinali cha mbeta zachimuna chinasanduka nyumba ya mabanja aŵiri kapena atatu, malire ake nsalu kapena makatoni. Inu amene muli pabanja mukudziŵa tanthauzo lake: kuphika, kudwazika matenda, kulanga mwana, ngakhale kukambirana za m'nyumba ndi bambo, zonse kuseri kwa nsalu, anansi akumva. Mtsikana wotha msinkhu agona pati? Mipope imene anaiŵerengera anthu ochepa inayamba kuphulika, ndipo wonyamula chidebe kukwera nacho masitepe ndi yemwe uja sanamuŵerengere pomanga.

Mu 2005 boma la Zimbabwe linagwetsa zisakasa zambiri m'mizinda pa ntchito yotchedwa Murambatsvina, ndipo ena osoŵa pogona anadzapanikizana ndi abale awo m'nyumba zomwezi. Kenaka kolera ya mu 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonselo, ndipo madera othinana a Harare anavutika koposa.

Pakati pa anthu a ku Mbare pali zidzukulu za machona athu. Zina sizinapondepo pa Malaŵi, komabe Gule Wamkulu zimamudziŵa. Malume uja anaikidwa komweko. Mkazi wake anamudikira zaka zambiri asanakwatiwenso, ndipo bulangete lija anafundika nalo mwana amene bambo wake sanamuonepo.