Zonse n'za Boma, koma sizifanana

Pali mawu omwe timawamva tsiku ndi tsiku kuchokera ku Makanjira mpaka ku Karonga: "Zimenezo n'za Boma." Magetsi akathima, akuti Boma. Mpopi ukauma, Boma. Chimanga chikasowa pa ADMARC, Boma. Sitima ya Ilala ikachedwa kufika pa Nkhata Bay, Bomanso.

Kunena zoona, mawuwa sali patali ndi choonadi, koma amatiphimba m'maso. Munthu yemwe am'dulira madzi amatha kuononga ndalama yoyendera kupita ku ofesi ya DC, n'kukangouzidwa kuti nkhaniyo si yawo. Mnyamata yemwe wapeza ntchito pa kampani ya Boma amayesa kuti walowa m'boma ndipo malipiro ake azichokera ku Capital Hill, pomwe sizili choncho ayi. N'chifukwa chake taona kuti n'kofunika kuti tifotokozerane mitundu ya malonda omwe Boma limachita ndi kusiyana kwake.

Tiyambe ndi zomwe ife a kunyanja tikuzidziwa bwino. Mwini chilimira angathe kulowa yekha panyanja ndi ana ake, ndalama yonse ya usipa n'kumalowa m'thumba la pakhomo. Angathenso kuika munthu woyang'anira alovi, kum'patsa malamulo ndi thumba lakelake logulira mafuta ndi kusokera ukonde. Mwinanso angathe kusonkherana ndi mnzake, wina boti wina injini, n'kumagawana phindu. Apo ayi angathe kubwereketsa zida zonse kwa munthu wina kwa nyengo yomwe agwirizana. Monsemu chilimira ndi chake ndithu, koma wolamula, wosunga ndalama ndi wolipira ngongole amasintha. Boma nalonso limachita chimodzimodzi.

Mtundu woyamba: nthambi ya unduna

Uwu ndiwo mtundu wakale kwambiri. Malonda amachitikira m'kati mwenimweni mwa unduna, ndipo ogwira ntchito ake ndi antchito a Boma monga aphunzitsi ndi alangizi. Akuluakulu akukumbukira kuti kale positi ofesi ndi lamya zinali nthambi ya Boma yotere. Ndalama ya sitampa yomwe bambo ankagula potumiza kalata ku Joni inali ya Boma, ndipo nthambiyo inkayendera malamulo a Boma pa chilichonse chofuna kugula.

Ubwino wa mtundu uwu ndi woti mwini wake amadziwika msanga: Nduna ndiyo imayankha mafunso ku Nyumba ya Malamulo. Kuipa kwake ndi kuchedwa. Nthambi yotere singakongole ndalama payokha, ndipo galimoto ikafa imadikira chilolezo cha kulikulu. Ikalakwira munthu, wosumiridwa ndi Boma lenilenilo.

Mtundu wachiwiri: bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo lakelake

Pofuna kuthawa kuchedwa kuja, Nyumba ya Malamulo imapanga lamulo lapadera lokhazikitsa bungwe, n'kulembamo ntchito zake, mphamvu zake ndi malire ake. Wailesi ya MBC inabadwa motere mu 1964, ndipo ADMARC nayo mu 1971, pomwe inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Mabungwe asanu a madzi akuyendera lamulo la mu 1995: awiri a m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, ndi atatu a zigawo. Choncho mpopi wa pa Mangochi uli m'manja mwa Southern Region Water Board, wa pa Salima ndi pa Nkhotakota uli m'manja mwa Central Region Water Board, pomwe wa pa Nkhata Bay ndi pa Karonga ndi wa Northern Region Water Board.

Bungwe lotere pamaso pa lamulo lili ngati munthu payekha. Lili ndi bodi yomwe Boma limasankha, lili ndi buku lake ku banki, limalemba lokha antchito ake, lingathe kusumira munthu ndipo nalo lingathe kusumiridwa. Likakongola ndalama zambiri, kawirikawiri Boma ndilo limaikira kumbuyo ngongoleyo. Ndipo popeza linabadwa ndi lamulo, silingathetsedwe mwachisawawa: Nyumba ya Malamulo iyenera kukhalanso pansi kuti ifafanize lamulolo.

Mtundu wachitatu: kampani yomwe mwini masheya ndi Boma

Apa Boma limalembetsa kampani monga momwe wamalonda wina aliyense angachitire, pansi pa lamulo la makampani, ndipo ilo limangokhala mwini masheya. Chizindikiro chake ndi mawu oti "Limited" kumapeto kwa dzina. ESCOM inasanduka kampani yotere mu 1998, ndipo mu 2017 ntchito yopanga magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira inaperekedwa kwa kampani inanso ya Boma, EGENCO. Kampani yotere imayembekezeka kudzidyetsa yokha, kulipira msonkho ndi kupereka gawo la phindu kwa mwini wake. Ikalephera ingathe kutsekedwa ngati golosale ya munthu, monga zinachitikira Air Malawi mu 2013.

Nkhani ya ADMARC ndiyo ikuonetsa bwino kulemera kwa kusinthaku. Kuyambira 1971 bungweli ndilo linali ndi mphamvu pa kugula mbewu za alimi ang'onoang'ono. Linali ndi misika mpaka kumidzi yakutali komwe galimoto imafika movutikira, ndipo mtengo unali umodzi dziko lonse. Misika yambiri yotere sinkabweretsa phindu, koma phindu la fodya ndi thonje linkakwirira, ngakhale alimi a mbewuzo ankalandira mitengo yotsika. Mu 1987 Boma linalola amalonda wamba kuyamba kugula mbewu. Kenaka kumapeto kwa 2003 lamulo la ADMARC linafafanizidwa, ndipo bungweli linakhala ADMARC Limited.

Kuchokera pamenepo ADMARC inasenza akatundu awiri osagwirizana. Monga kampani, inkauzidwa kuti ipange phindu. Monga ya Boma, anthu ankayembekeza kuti izigula chimanga pa mtengo wabwino nthawi yokolola, n'kudzagulitsa motchipa mu Januwale ndi Febuluwale njala ikafika pachimake. Wamalonda aliyense akudziwa kuti kugula modula ndi kugulitsa motchipa si malonda, ndi chithandizo, ndipo chithandizo chimafuna wina wolipira. Ndalama yolipirira ntchitoyi ikachedwa kuchoka ku Boma, ngongole zinkakula. Mu 2022 Boma linaimitsa ntchito za ADMARC ndi kuchotsa antchito ake pofuna kuyikonzanso. Mabanja ambiri anaphunzira pamenepo kuti kugwira ntchito pa kampani ya Boma si kugwira ntchito m'boma.

Mtundu wachinayi: Boma ndi anzake

Pali makampani ena omwe Boma lili ndi gawo chabe. Air Malawi itatha, kampani ya ndege yomwe inayamba kuuluka mu 2014 inakhazikitsidwa mogawana: magawo 51 pa 100 a Boma la Malawi, 49 a Ethiopian Airlines. Pafupi ndi kwathu kuno, mahotela a Sunbird Nkopola ku Mangochi ndi Sunbird Livingstonia ku Senga Bay ndi a kampani yomwe Boma lili ndi magawo ambiri, koma masheya ena akhala akugulitsidwa pa msika wa masheya ku Blantyre kuyambira mu 2002.

Kusiyana kwa mtundu uwu ndi koti Boma silingachite zofuna zake lokha, chifukwa eni ake ena amafuna kuona mabuku. Kampani ya pa msika wa masheya imakakamizidwa kusindikiza momwe chuma chake chayendera, ndipo ngakhale mayi wa masheya ochepa ali ndi ufulu wopita ku msonkhano wa pachaka kukafunsa mafunso.

Mtundu wachisanu: katundu wa Boma, woyendetsa wina

Uku ndi kubwereketsa chilimira kuja. Njanji inaperekedwa kwa Central East African Railways mu 1999 kuti aziyendetsa kwa zaka zomwe anagwirizana, koma njanjiyo sinagulitsidwe. Ilala, yomwe inapangidwa ku Scotland ndipo inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, inakhala zaka zambiri pansi pa Malawi Railways. Mu 2010 Boma linapereka ntchito ya sitima zapanyanja kwa kampani ya ku Portugal, Mota-Engil. Pa mtundu uwu zonse zimagona pa chikalata cha mgwirizano: ndani akonze sitima ikaonongeka, ndani aike mtengo wa tikiti, ndi madoko ati omwe sayenera kudumphidwa. Kwa munthu wa pa Likoma kapena pa Chizumulu, yemwe alibe msewu wina koma nyanja, mawu a m'chikalatacho ndi nkhani ya ufa ndi mankhwala.

Chinthu chimodzi chingathe kudutsa monsemu

Tisaganize kuti mitunduyi ndi yokhazikika. Taonani lamya. Inayamba ngati nthambi ya unduna. Pakati pa zaka za m'ma 1990 inakhala bungwe limodzi ndi positi. Mu 2000 ziwirizi zinasiyana: positi inakhala Malawi Posts Corporation, lamya inakhala kampani ya MTL. Patangopita zaka zochepa magawo ambiri a MTL anagulitsidwa kwa gulu lotsogozedwa ndi Press Corporation, Boma n'kutsala ndi 20 pa 100. Kugulitsa kotereku kunkayendera lamulo la mu 1996 lomwe linakhazikitsa Privatisation Commission.

Tionjezerenso kuti si bungwe lililonse la Boma lomwe limachita malonda. MERA sigulitsa magetsi kapena mafuta ayi, ntchito yake ndi kuvomereza mitengo ndi kuyang'anira ogulitsawo. Choncho ESCOM singakweze mtengo yokha popanda kudzera kumeneko, ndipo munthu yemwe dandaulo lake silinamveke ku kampani angathe kukaliperekanso kumeneko.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Safunsa anadya phula. Tisanasaine kalata ya ntchito, tisanapereke mpunga kapena chimanga chathu pa ngongole, ndiponso tisanakwere galimoto kukadandaula, tiyeni tidzifunse mafunso atatu. Kodi chinthuchi mwini wake ndani? Akuchiyendetsa ndani? Nanga chikagwa, adzalipira ndani?

Funso lachitatuli yankho lake nthawi zambiri ndi ife tomwe. Bungwe kapena kampani ya Boma ikamira m'ngongole, Boma limatapa m'thumba lomwe muli msonkho womwe timalipira pogula sopo, shuga ndi mafuta a injini, ndipo ndalamayo ikanatha kugula mankhwala pa chipatala kapena madesiki pa sukulu. Choncho yemwe amaba waya wa magetsi, kulumikiza mpopi mwakuba kapena kubera pa sikelo, n'kumati za Boma zilibe mwini, akubera ana ake omwe. Tiyeni tiwaphunzitse anawo kuti mwini alipo, ndipo mwini wabwino amadziwa yemwe wam'siyira chilimira chake ndi zomwe anapangana naye.